Mayi akunyumba akukachita sitalaka ya penshoni, koma msonkho wolipira penshoniyo ndimakhoma ndine

Bambo wina watilembera motere:

"Ndimagwira ntchito pakampani ina yomwe si ya boma, ndipo chaka chino ndakwanitsa zaka 19. Penshoni yathu ndi yongosonkherana: ine ndimaponya kangachepe, abwana amaponyanso kangachepe, ndipo zomwe ndidzapeze m'thumbamo tsiku lopuma ndi zomwezo basi. Mayi akunyumba ndi mphunzitsi wa boma, ali ndi zaka 44. Boma lalengeza kuti lisintha penshoni yawo. Azidulidwa ndalama zochulukirapo pamwezi, adzapuma mochedwa, ndipo kawerengedwe kake kasintha. Bungwe lawo laitanitsa sitalaka. Tsiku lina ndinangoti, 'Komatu penshoni yanuyo timalipira ndife okhoma msonkho, ife amene tilibe yotere.' Chichokereni tsikulo m'nyumba muli zii. Kodi ndinalakwa? Kodi sitalaka yotere ndi yachilungamo kwa anthu ngati ine? Nanga iwo achite nawo, kapena angosiya ntchito n'kutenga ndalama zawo zinthu zisanasinthe, monga momwe anzawo ena akunenera?"

Bambo, mtima m'malo. Funso lanulo si lopusa, ndipo si la nkhanza. Nduna za zachuma zimafunsa lomwelo, oweruza milandu analifunsapo, ngakhale atsogoleri a mabungwe a ogwira ntchito amalifunsa akatseka chitseko. Chimene chinavuta n'chakuti munaliponya pa nthawi imene mayi anali ndi nkhawa ya ukalamba wawo, ndiye iwo anamva ngati mukuwatcha mbala ya ndalama zanu. Zimenezo zimakonzeka. Chimene sichikonzeka ndi kalata yosiya ntchito ikafika pa desiki ya abwana. Choncho ndisanapite patali, auzeni mayi kuti asasayine kanthu kalikonse kosiya ntchito kapena kotuluka m'thumba la penshoni mwezi uno. Chifukwa chake ndichifotokoza kutsogoloku.

Pa zaka zomwe ndakhala ndikuwerengera anthu mapenshoni ndi kukhala nawo pa zokambirana za olemba ntchito ndi antchito awo, ndaona kuti mkangano wotere umayambira pa kusamvana za chomwe penshoni ili. Wokhoma msonkho amaiona ngati mphatso imene boma limapatsa anthu ake. Wogwira ntchito m'boma amaiona ngati malipiro ake amene anasungidwa. Pa mfundo imeneyi ine ndili mbali ya mayi. Munthu akamalowa ntchito, amayang'ana zonse pamodzi: malipiro a pamwezi, tchuthi, chitetezo cha ntchito, ndi penshoni. Maboma ambiri akhala akulemba aphunzitsi ndi anamwino pa malipiro otsikirapo powauza kuti zotsalazo adzazipeza akadzapuma. Mphunzitsi amene wagwira zaka 20 ndi lonjezo limenelo wagwira kale ntchitoyo. Ana aja anaphunzitsidwa, ena ndi madokotala lero. Penshoni ya zaka zimenezo ndi ngongole imene boma silinabweze, ndipo mlandu suola.

Kusiyana kwa penshoni yanu ndi ya mayi kuli pa yemwe amasenza tsoka zinthu zikavuta. Yanuyo ndi yoti ndalama zoponya zimadziwika, koma zodzalandira sizidziwika. Misika ikagwa, kapena mukakhala ndi moyo wautali kuposa momwe ndalamazo zingafikire, tsokalo ndi lanu nokha. Ya mayi, monga mwaifotokozera, ndi yoti zodzalandira ndiye zimalonjezedwa, malinga ndi zaka zimene munthu wagwira komanso malipiro ake. Ndalama zikaperewera, wodzaza ndi boma, kutanthauza wokhoma msonkho. Ndiye mukamati "timalipira ndife", simukunama. Inu mumasenza tsoka la penshoni yanu, n'kusenzanso kachigawo ka tsoka la penshoni ya ena. Munthu aliyense woona mtima avomereze kuti kulira kwanu kuli ndi maziko.

Pali chinanso chimene anthu ambiri ogwira ntchito m'boma sachidziwa. M'maiko ambiri, ndalama zimene amadulidwa pamwezi sizisungidwa m'thumba lililonse. Zimapita kukalipira amene anapuma kale mwezi womwewo, ndipo zikaperewera boma limatapa m'misonkho. Njira imeneyi imayenda bwino pamene ogwira ntchito ali ambiri ndipo opuma ali ochepa. Pamene mtsogoleri wa boma Otto von Bismarck ankayambitsa penshoni ya boma ku Germany mu 1889, munthu ankayamba kulandira ali ndi zaka 70, ndipo amene ankafikapo sankakhalitsa. Lero munthu wopuma ali ndi zaka 60 akhoza kulandira kwa zaka 20 kapena 25. Ku France, mu 1960 panali anthu anayi oponya ndalama pa munthu mmodzi wopuma. Masiku ano sakwana awiri. Palibe ndale pamenepa, ndi masamu chabe. Bungwe la ogwira ntchito limene limauza mamembala ake kuti palibe chiyenera kusintha mpaka kalekale likuwanamiza, ndipo ndanenapo zimenezi pamaso pa atsogoleri a mabungwe otere, ngakhale sanandiombere m'manja.

Koma musathamangire kuloza chala mphunzitsi pa dzenje lililonse limene mwamva kuti lili m'thumba la penshoni. Funsani kaye kuti analikumba ndani. Andale amakonda kulonjeza penshoni chifukwa mavoti amabwera chaka chino, pamene ngongoleyo idzagwera boma la zaka 30 zikubwerazo. Choipa kwambiri n'chakuti maboma ena amadula wantchito ndalama zake mwezi uliwonse osaphonya, koma gawo lawo la olemba ntchito saponya, amati adzaponya chuma chikadzayenda bwino. Boma la chigawo cha Illinois ku America linachita zimenezi kwa zaka zambiri, kenaka mu 2013 linakhazikitsa lamulo lochepetsa mapenshoni. Mu 2015 khothi lalikulu la chigawocho linathetsa lamulolo, chifukwa malamulo oyendetsera chigawocho amaletsa kuchepetsa penshoni imene inalonjezedwa kale. Ku Detroit, ku America komweko, zinafika poipa: mzindawo unalengeza kuti walephera kubweza ngongole zake mu 2013, ndipo anthu ambiri amene anapuma kale anadulidwa 4.5 peresenti ya penshoni yawo, n'kutayanso ndalama zowonjezera chaka ndi chaka. Anthu amenewo anali okalamba oti sangabwererenso pantchito. Amene anasankha kusaponya ndalama zija anali atachoka kale m'maudindo.

Tsopano kumene mawu anu aja anaphonya. Choyamba n'chapafupi: mayi nawonso amakhoma msonkho. Amadulidwa pa malipiro awo asanawaone n'komwe, amakhomanso pogula zinthu ngati inu, ndipo m'maiko ambiri penshoni nayonso imadulidwa msonkho. Kugawa anthu kuti uku okhoma msonkho, uko ogwira ntchito m'boma, ndi chinyengo cha pa nsanja ya ndale. M'nyumba mwanumo magulu awiriwo amagona pa bedi limodzi. Chachiwiri, mapenshoni a boma amamveka aakulu chifukwa amene amatchulidwa m'manyuzipepala ndi a mabwana. Ku Britain, boma litafuna kusintha mapenshoni a antchito ake, linapatsa ntchito yofufuza Lord John Hutton, yemwe anakhalapo nduna. Iye anapeza mu 2010 kuti penshoni ya pakatikati inali pafupifupi mapaundi 7,800 pachaka, ndipo pafupifupi theka la opuma ankalandira zosakwana mapaundi 5,600. Kwa dziko lokwera mtengo ngati limenelo, imeneyo si ndalama yolemeretsa munthu. Hutton yemweyo analimbikitsa kusintha kwakukulu mu lipoti lake la mu Malichi 2011, koma anakana maganizo akuti njira yothetsera kusiyana kwa mapenshoni ndi kugwetsa a boma kuti afanane ndi oipitsitsa a m'makampani.

Mfundo imeneyo muiganizire bwino, chifukwa ikukhudza inu. Penshoni ya mayi ikachepa, yanu siikwera ngakhale pang'ono. Msonkho wanu mwina sudzatsikanso. Ndalama zopulumutsidwazo kawirikawiri zimapita kukabweza ngongole za boma. Ndipo wokalamba amene penshoni yake siikwana samangozimiririka. Amakafika ku chipatala cha boma, ku thandizo la boma la osauka, kapena pakhomo pa ana ake, omwenso ndi okhoma msonkho. Kunena zoona, chimene chikukupwetekani n'chakuti penshoni yanu ndi yofooka. Mlandu umenewo ndi wa pakati pa inu, abwana anu ndi malamulo a dziko, mayi sali m'katimo.

Ndiye chilungamo chili pati? Mmene ine ndimayezera kusintha kulikonse kwa penshoni, ndimajambula mzere pa tsiku limene lamulo latsopano liyambe kugwira ntchito. Zonse za kumbuyo kwa mzerewo ndi zogwira kale, ndipo boma limene lazikhudza laphwanya pangano. Sitalaka yoteteza zimenezo ndi yachilungamo, ndipo wokhoma msonkho wanzeru ayenera kuichirikiza, chifukwa boma limene lingakane ngongole ya mphunzitsi lingakanenso ya wina aliyense. Za kutsogolo kwa mzerewo ndi zokambirana. Palibe amene analonjezedwa kuti ntchito ya chaka chamawa idzalipidwa mofanana ndi ya zaka 20 zapitazo, ndipo pamenepo wokhoma msonkho ali ndi ufulu wonena kuti "izi zandikulira". Sitalaka ya za kutsogolo imakhala ngati sitalaka ya malipiro: nthawi zina yoyenera, nthawi zina yopyola muyeso, kutengera kukula kwa chimene chikuchotsedwa komanso ngati boma linakhala nawo pansi antchitowo. Funso loyamba kwa mayi likhale limeneli: kodi zaka zimene agwira kale zatetezedwa, ndipo zalembedwa m'lamulo kapena zangonenedwa pawailesi?

Mwatchula zinthu zitatu zimene zikusintha, ndipo sizilemera mofanana. Kuwonjezera ndalama zodulidwa pamwezi ndi kutsitsa malipiro, kungoti kwavala dzina lina. Ku Britain anawonjezera pafupifupi 3.2 peresenti ya malipiro pa nthawi imene malipirowo anali ataimitsidwa osakwera, ndiye mpake anthu anakwiya. Chofunika kufunsa n'chakuti ndalama yowonjezerayo ikupita m'thumba la penshoni kapena m'thumba lalikulu la boma. Ngati ikupita ku boma, umenewo ndi msonkho wapadera wa antchito a boma okha, ndipo mawu anu aja atembenuka.

Kukweza zaka zopumira ndi kumene ndimakumvetsa kwambiri pa zitatuzi, poti anthu akukhaladi ndi moyo wautali. Komabe moyo wautaliwo sugawidwa mofanana. Wokhala mu ofesi ndi wozimitsa moto sakalamba chimodzimodzi, n'chifukwa chake ngakhale Hutton anati apolisi, ozimitsa moto ndi asilikali azipuma ali ndi zaka 60. Za mphunzitsi wa ana aang'ono woima tsiku lonse kutsogolo kwa kalasi yodzaza, anthu amatsutsana, ndipo ine ndimaona kuti mbali zonse zili ndi mfundo.

Kawerengedwe ndiye kofunika kukhalira pansi ndi pensulo, chifukwa apa ndi pamene anthu amanyanyala ntchito osadziwa ngati akutaya kapena akupindula. Njira yakale m'maiko ambiri imatenga malipiro a kumapeto kwa ntchito. Yatsopano imatenga malipiro a zaka zonse n'kupeza a pakatikati. Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Munthu wagwira zaka 30, malipiro ake omaliza ndi 160, ndipo a pakatikati pa zaka zonsezo, atakwezedwa kuti agwirizane ndi mitengo ya lero, ndi 120. Ngati chaka chilichonse chimamupatsa gawo limodzi mwa magawo 80 a malipiro omaliza, penshoni yake ndi 60. Mukangosintha n'kuika malipiro a pakatikati pa magawo 80 omwewo, yatsika kufika pa 45, ndipo ameneyo ndi wolira ndithu. Koma ngati asinthanso magawowo kuti chaka chilichonse chizipereka gawo limodzi mwa 57, monga zilili kwa aphunzitsi a ku England ndi Wales chiyambire 2015, penshoni ija ikubwera pa 63. Zoona, njira yakale ija inkaperekanso ndalama ina yaikulu ya kamodzi popuma, ndipo yatsopanoyo munthu amayamba kuilandira mochedwa, choncho si kuti wapambana basi. Chimene ndikufuna muone n'chakuti mawu akuti "kawerengedwe kasintha" paokha sakuuzani kanthu mpaka mutaona manambalawo.

Pali chinsinsi china apa chimene mabwana sakonda kuchitchula. Njira ya malipiro omaliza imakomera munthu amene wakwezedwa kwambiri chakumapeto. Amaponya ndalama zochepa kwa zaka 25 ali wamba, akwezedwa zaka zitatu zomaliza, ndipo penshoni yonse ikuwerengedwa pa malipiro a ubwanawo. Mphunzitsi amene wakhala m'kalasi moyo wake wonse sapindula nazo chotero. Ngati mayi sakuyembekeza kudzakhala mkulu wa sukulu kapena woyendera masukulu, n'kutheka kuti njira ya pakatikati siikuwapweteka monga akuopera. Ndinaonapo sitalaka imene otsogolera anali anthu oti ataya zambiri, pamene ambiri oyenda pamsewu akanapindula ndi kusinthako.

Chachinayi simunachitchule, ndipo n'chimene ndimachiopa kuposa zonse, poti chimadya mwakachetechete ngati chiswe. Ndi mmene penshoni imakwezedwera chaka ndi chaka munthu atapuma. Ku Britain, mu 2010 nduna ya zachuma George Osborne inalengeza kuti mapenshoni a antchito a boma azikwezedwa potsatira muyeso wina wa kukwera kwa mitengo, wotchedwa CPI, m'malo mwa muyeso wakale wotchedwa RPI, ndipo CPI nthawi zambiri imakhala yotsikirapo. Zimamveka zazing'ono. Koma penshoni ikamatsalira ndi 1 peresenti yokha chaka chilichonse, pakutha zaka 20 imakhala itachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. M'dziko limene mitengo imakwera mothamanga, penshoni yosamangiriridwa ku mitengo imasanduka ndalama ya sopo pa zaka zochepa. Mayi afunse zimenezi kwa a bungwe lawo. Ngati a bungwewo sakudziwa yankho, sanawerenge bwino chimene akunyanyalira.

Za sitalaka yeniyeniyo, vuto lake lalikulu pa nkhani ya chilungamo ndi lakuti imagwera munthu wolakwika. Antchito a pafakitale akanyanyala, amene amataya phindu ndi mwini fakitale. Aphunzitsi akanyanyala, nduna imapitabe ku ofesi, koma mayi wogwira maganyu amataya malipiro a tsiku limenelo chifukwa alibe pomusiya mwana. Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Zimenezi sizichotsa ufulu wonyanyala, poti wantchito wa boma alibe chida china. Bwana wake ndi yemwenso amapanga malamulo. Koma zimatanthauza kuti sitalaka ya m'boma imapambana kapena kugonja malinga ndi mmene anthu wamba akuionera. Ku France mu 1995, sitima ndi mabasi zitaima kwa milungu itatu, anthu ambiri anali mbali ya onyanyala, ndipo boma la nduna yaikulu Alain Juppé linabweza gawo lokhudza mapenshoni. Mu 2023 dziko lomwelo linaona zionetsero za anthu oposa miliyoni pa masiku ena, zinyalala zinaunjikana m'misewu ya Paris, koma boma la Pulezidenti Emmanuel Macron linadutsitsabe lamulo lokweza zaka zopumira kuchoka pa 62 kupita pa 64 popanda voti yomaliza ya aphungu, pogwiritsa ntchito ndime 49.3 ya malamulo a dzikolo. Ku Britain, pa 30 Novembala 2011 kunali sitalaka yaikulu imene inatseka masukulu oposa theka, ndipo kusinthako kunachitikabe kudzera m'lamulo la mu 2013, ngakhale kuti pa zokambirana za miyezi imeneyo mabungwe anapezako zina, monga magawo abwinoko a kawerengedwe. Zimene ndimauza anthu n'zakuti sitalaka yotere kawirikawiri siimitsa kusintha, imangosintha kukula kwake. Mayi alowemo akudziwa zimenezo.

Nkhani ya ku Britain ili ndi mchira umene wokhoma msonkho aliyense ayenera kuudziwa. Pofuna kuziziritsa mitima, boma linalonjeza kuti amene anatsala ndi zaka 10 kapena kucheperapo kuti apume, pofika pa 1 Epulo 2012, akhalabe pa penshoni yakale. Zinkaoneka zachifundo. Oweruza ena ndi ozimitsa moto achinyamata anakasuma kuti kumeneko ndi kusankha anthu potengera msinkhu, ndipo mu Disembala 2018 khothi la apilo linagwirizana nawo pa mlandu wodziwika ndi dzina lakuti McCloud. Boma lenilenilo linayerekeza kuti kukonza cholakwikacho kudzadya pafupifupi mapaundi 17 biliyoni, ndipo ntchito yowerengeranso mapenshoni a anthu mamiliyoni yatenga zaka. Wolipira ndi wokhoma msonkho yemwe uja ankati akumuteteza. Kusintha kochitika mothamanga, kongolengezedwa kenaka n'kumatidwamatidwa pofuna kuzimitsa mkwiyo, kumadula kuposa kumene anthu anakhalira pansi. Dziko la Sweden linatenga njira ina: zipani zisanu zinagwirizana mu 1994, dongosolo latsopano linayamba mu 1999, ndipo linamangidwa moti likaperewera ndalama limadzikonza lokha potsatira lamulo lodziwika kwa onse. Opuma anamva kuwawa pamene lamulolo linagwira ntchito mu 2010, koma palibe amene akanati anabisiridwa. Pa msinkhu wa mayi, nkhani ya malire imeneyi ndi yaikulu. Ku Kenya, pamene dongosolo losonkherana la antchito a boma linayamba mu Januwale 2021, mzere unajambulidwa pa zaka 45: osakwana zaka zimenezo analowa mokakamizidwa, okulirapo anapatsidwa mwayi wosankha. Munthu wa zaka 44 ndi wa zaka 46 akhoza kukhala m'maiko awiri osiyana pa lamulo limodzi. Afufuze kuti kwawoko mzere uli pati ndipo ukuwerengedwa kuyambira tsiku liti.

Kodi achite nawo? Chisankho n'chawo, ndipo ndikupemphani muchisiye m'manja mwawo. Chimene mungathandize ndi kuonetsetsa kuti sitalakayo ndi yovomerezeka. Maiko ambiri amafuna kuti mamembala avote, kuti chenjezo liperekedwe masiku angapo, ndiponso kuti njira yoyanjanitsa iyesedwe kaye. Sitalaka yotsata ndondomeko imateteza munthu kuti asachotsedwe ntchito, yongobuka siiteteza. Pali ntchito zina zimene lamulo limaziika m'gulu la zofunikira kwambiri, zomwe kunyanyala kwake n'koletsedwa kapena kuli ndi malire. Mu 1981 ku America, oyang'anira kayendedwe ka ndege ananyanyala mosemphana ndi lamulo, ndipo Pulezidenti Ronald Reagan anachotsa ntchito anthu oposa 11,000. Nkhani yawo sinali ya penshoni yokha, koma phunziro lake ndi lomwelo. Muyembekezerenso kuti masiku onyanyala sadzalipidwa, ndipo m'madongosolo ena masiku amenewo sawerengedwa pa penshoni. Tsiku limodzi kapena awiri si kanthu. Ikafika milungu, banja likhale litakonzeka. Mayi apemphe a bungwe awaonetse kalata ya chenjezo imene inapita kwa olemba ntchito, komanso afunse kuti chimene bungwe lingavomere kuti sitalaka ithe n'chiyani. Sitalaka yopanda yankho la funso limenelo imatha ndi kutopa basi.

Tibwerere ku zosiya ntchito zija. Ku South Africa, cha m'ma 2014, kunafala mphekesera yakuti antchito a boma sadzaloledwanso kulandira ndalama yawo ya kamodzi popuma. Aphunzitsi, anamwino ndi apolisi ambirimbiri anasiya ntchito kuti atape ndalama zawo, ngakhale kuti akuluakulu a thumba la penshoni la boma, GEPF, ankabwereza kuti mphekeserayo inali yabodza. Wosiya ntchito nthawi isanakwane amadulidwa msonkho wokwera pa ndalamazo, ndipo amataya penshoni ya mwezi ndi mwezi ya moyo wake wonse. Ine ndinathandizapo mayi wina namwino, m'malo ena, amene anachita zomwezo atamva za anzake. Anabweza ngongole, anayamba bizinesi, ndipo pa zaka zinayi ndalama zinatha. Anabwerera pantchito ngati wongoyamba kumene, zaka zake zakale zitafufutika. Anthu amene amalimbikitsa anzawo kuti "tengani zanu msanga" nthawi zina amakhala ogulitsa mapulani osungira ndalama, omwe amadya komishoni pa ndalama iliyonse yosamuka. Ngakhale penshoni ya boma itachepetsedwa, nthawi zambiri imakhalabe yabwino kuposa imene munthu angadzigulire yekha, chifukwa gawo la olemba ntchito limatayika ukangotuluka, pamodzi ndi thandizo la amasiye ndi la wodwala wosatha kugwira ntchito. Thandizo la amasiyelo, bambo, ndi lanu.

Sabata ino mayi alembere ku ofesi yoona za penshoni yawo kupempha chikalata chosonyeza zaka zimene zawerengedwa ndi ndalama zimene apeza kale. Asunge kalata yowalemba ntchito, makalata a kukwezedwa, ndi timapepala ta malipiro, chifukwa pa nthawi yosamutsa anthu kuchoka ku dongosolo lina kupita ku lina ndi pamene zaka zimasochera m'mafayilo. Ndakumanapo ndi anthu amene zaka zitatu zoyambirira za ntchito yawo sizinkaoneka paliponse, ndipo chowapulumutsa chinali kapepala kamodzi kakale ka m'sutikesi. Apemphenso chiyerekezo cha penshoni yawo pa malamulo akale ndi pa atsopano, pa msinkhu womwewo wopumira, kuti muone kusiyana kwake m'manambala.

Thandizo la katswiri mulifune pa zinthu zitatu izi. Ngati chikalatacho chikusonyeza kuti zaka zogwira kale zachepetsedwa mtengo, pitani kwa loya wodziwa malamulo a ntchito, kapena kwa loya wa bungwe lawo, ndipo musachedwe chifukwa madandaulo otere amakhala ndi nthawi yake yoikika. Ngati mayi apatsidwa fomu yosankha pakati pa dongosolo lakale ndi latsopano, kapena yosamutsa ndalama, kaonaneni ndi mlangizi wa zachuma wovomerezeka ndi boma, amene mukumulipira inu, osati wolipidwa ndi kampani yolandira ndalamazo. Ndipo ngati alandira kalata yowaopseza chifukwa cha sitalaka, asayankhe okha, aipereke ku bungwe tsiku lomwelo.

Inunso zaka 19 si zochepa. Kodi munaonapo kuti m'thumba lanu muli zingati, kuti abwana amatumizadi gawo lawo mwezi uliwonse, ndiponso kuti oyendetsa thumbalo amadya zingati pachaka? Makampani ena amadula wantchito koma osatumiza, monga momwe maboma aja amachitira. Pemphani chikalata chanu tsiku lomwe mayi akupempha chawo. Zikafika, muziyale pathebulo zonse ziwiri, muziphatikize, muone kuti banja lanu lidzakhala ndi zingati inu mukadzafika zaka 65. Pokayamba nkhaniyo, yambani ndi kuwafunsa mayi kuti pa zosinthazo chikuwaopsa kwambiri n'chiti, ndipo muwalole amalize kuyankha.